Chimbudzi cha Mkamwini

Amayi anga ankayenda ndi ndodo, ndipo mwendo wakumanzere ankachita kuukoka. Unapuwala akadali mtsikana. Kwathu kumvuma kwa nyanja ndi mchenga wokhawokha, choncho paliponse pamene adutsa pankatsala phazi limodzi, kabowo ka ndodo, ndi mzere wautali ngati pakokedwa mtolo wa nkhuni. Mwana aliyense m'mudzimo ankatha kukuuzani kuti gogo apita kutchalitchi kapena atsikira kugombe, asanawaone n'komwe. Iwo sankasamala. Ankaseka n'kumati wobwera ndi miseche asavutike kuwasaka, angotsatira mzere.

Mwamuna wanga anabwera m'mudzi mwathu ngati mlangizi wa zaumoyo, koma anthu ankangomuti adokotala. Ankayeza ana kusikelo pansi pa mtengo wa mango, kupereka katemera, kuthira klorini m'zitsime, kugawa maneti ndi kukangana ndi asodzi omwe ankawasandutsa makoka ophera usipa. Anali mwana wa msilikali, wokulira m'malayini ku Zomba, kumene layini yonse, agogo ndi ana omwe, inkafola pachimbudzi chimodzi popanda wochitira mnzake manyazi. Titakwatirana panalibe nyumba ya boma yoti tikhalemo, ndiye tinamanga pamalo pa amayi, iye n'kukhala mkamwini.

Ulemu wa chikamwini anauphunzira mwachangu, ndisamunamizire. Akaona amayi akubwera m'njira ankapatuka n'kunjuta kuseri kwa chitsamba mpaka adutse. Sankadya iwo akuona. Akafuna kuwauza kanthu ankakhala panja pa khomo n'kumalankhula kwa ine, ine n'kumabwereza kwa amayi, ngakhale onse awiri ankamvana bwinobwino. Amayi ankamukonda mkamwini wawo. Akapeza chambo chonona ankachiphika okha n'kunditumiza nacho m'mbale yovindikira, akuti, “Kawapatse abambo, ntchito yawo ndi yoyenda padzuwa.”

Chaka china mvula inagwa yoopsa ndipo chimbudzi cha amayi chinatitimira. Kwathu zimenezi sizachilendo: ukakumba dzenje mumchenga, mvula ikangogwa kawiri limadzikwirira lokha. Mwamuna wanga anati tsopano amanga chenicheni, choti mudzi wonse uzionerapo. Anakagula simenti kuboma, anaumba silabu, anafolera malata, anasema chivindikiro chokhala ndi chogwirira, ndipo panja anazika mpondagiya, kachigubu kosambira m'manja kamene umangoponda ndodo n'kupendekeka kokha. Atamaliza ananjuta pakhomo pa amayi n'kundiuza kuti ndiwauze kuti pakhomo pano chimodzi chomwechi chikwanira, asavutikenso. Amayi anawomba m'manja n'kuthokoza. Ine ndinangoyang'ana pansi, chifukwa ndinadziwa pomwepo kuti sadzalowamo.

Kwathu mpongozi salowa chimbudzi chimene mkamwini wake amalowa. Palibe amene anandiphunzitsapo zimenezi. Umangokula ukuzidziwa, monga umadziwira kuti suvula pamaso pa bambo ako. Kungoganiza kuti angakumane pakhomo pake, wina akutuluka wina akulowa, kapena kuti mkamwini angamve chitseko n'kudziwa yemwe ali m'katimo, amayi bola kufa. Choncho anayamba kudzuka mbandakucha n'kutsetserekera kubango, kumunsi kwa mathandala oyanikirapo usipa. Ine ndinkadzuka pambuyo pawo n'kusesa bwalo lonse mwamuna wanga asanatuluke. Ndinkadziuza kuti ndidzamuuza, koma mawu ake ndikanawatola kuti? Mkazi angauze bwanji mwamuna wake kumene mayi ake amadzithandizira? Ndinkati ndikatsegula pakamwa, nkhope inkatentha, n'kuyamba kukamba za mtengo wa sopo.

Chimbudzicho chinatchuka. Alendo ochokera kuchipatala akabwera ankawabweretsa kwathu kudzachiona, ena mpaka kuchijambula. Mwamuna wanga ankaponda mpondagiya wake monyadira ngati akuliza galimoto. Ine ndinkaima pambali ndi mwana kumbuyo, ndikumwetulira.

Dzinja lotsatira kolera inalowa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Kwathu tinaika maliro a ana awiri ndi msodzi wina wamphamvu zake, amene m'mawa anali kukoka khoka, pofika mawa lake atauma ngati nkhuni. Mwamuna wanga ankabwera kunyumba akununkha klorini, maso ali psuu, osafuna kudya. Ndikunena izi kuti musamuyese munthu wankhanza. Anali ataona zinthu. Mvula itatha anaitanidwa kumaphunziro, ndipo anabwerako ndi njira yatsopano. Anati awauza kuti kunyengerera anthu kwakanika, tsopano aziwachititsa manyazi mpaka anyansidwe ndi zochita zawo zomwe. Anati mawu ozungulira ngati “kutchire” kapena “kudzithandiza” awasiye, chinthucho azichitchula dzina lake lenileni, pamaso pa wina aliyense.

“Ngakhale pamaso pa akuluakulu?” ndinamufunsa.

“Makamaka pamaso pa akuluakulu,” anatero. “Kolera siyinjuta.”

Tsikulo mudzi wonse unasonkhana pansi pa mango. Achisilamu anakhala mbali yawo, ife a kutchalitchi mbali yathu, koma posakhalitsa tinasakanikirana monga mwa nthawi zonse. Amayi sankakonda misonkhano chifukwa cha mwendo, koma tsiku limenelo anavala chitenje chawo chabwino n'kupita, kuti mkamwini wawo asaoneke wopanda abale. Anawapatsa kampando kutsogolo.

Mwamuna wanga anaimirira ndi anzake awiri ochokera kuchipatala. Atangotchula mawu akuti manyi koyamba, amayi ambiri anabisa nkhope m'zitenje, anyamata n'kuphulika kuseka. Iye sanaseke. Anati tonse tinyamuke, tikaone kumene mudzi umanyera. Okalamba ndi odwala okha ndiwo anatsala pamthunzi, amayi anga pamodzi nawo. Enafe tinandondozana pambuyo pake, iye ali patsogolo ndi fosholo.

Ndinkapemphera kuti akhotere kumtunda, kuminda. Anakhotera kumunsi. Tinadutsa mathandala, ntchentche zikuti ng'waa pa usipa, mpaka tinafika pamene bango limayambira. Usiku kunali kutagwa kamvula kowaza, ndipo mchenga unali wosalala ngati wozira. Pamchengapo panali njira imodzi yokha, yatsopano, yolowa m'bango ndi kutulukanso. Phazi limodzi, kabowo ka ndodo, mzere wautali.

Kuseka konse kunatha. Ndinamva mayi wina kumbuyo kwanga akuti “Ii!” motsitsa, mnzake n'kumugwira dzanja. Anyamata omwe ankachita phokoso aja anayamba kuyang'ana kunyanja ngati kwatulukira sitima. Mudzi wonse unawerenga pansi paja, kupatula munthu mmodzi. Wokulira pasimenti sawerenga mchenga, ndiponso ine ndinali nditamusesera mapazi amenewo m'mawa uliwonse. Iye anangoona kuti papita munthu. Anatsatira mzerewo, analowa m'bango, n'kutuluka atanyamula pafosholo.

Ndikanatha kulankhula pamenepo. Ndikanamukoka malaya, ndikanakomoka dala, ndikanatsina mwana kuti alire. Palibe chimene ndinachita. Ndinangobwerera pamodzi ndi gulu, ndikuyenda pambuyo pa fosholoyo.

Titafika pansi pa mango anaika fosholo pansi, pakati pa bwalo, pafupi kwambiri ndi kampando ka amayi. Pambali pake anaikapo mbale ya mpunga ndi usipa. Tinaonerera ntchentche zikuchoka pafosholo kutera pampunga, kuchoka pampunga kubwerera pafosholo. Kenako anatenga kaudzu, anakakhudzitsa pafosholo, anakaviika m'botolo la madzi akumwa, n'kuyamba kuzungulira nalo. “Ndani amwe? Ndi oyera bwinobwino, simukuona? Imwani!” Aliyense ankabweza mutu.

Ndiye anaima pakati n'kunena mawu amene mpaka lero ndimawamva. “Mwini wake wa izi ali pompano. Sindikumudziwa, ndipo sindikufuna kumudziwa. Koma adziwe kuti akutidyetsa manyi ake tonsefe. Ana tinaika aja anawapha ndi anthu ngati ameneyu. Munthu wamkulu ndi mano ake m'kamwa, alibe manyazi kodi?”

Palibe amene anayang'ana amayi. Vuto lake linali limenelo. Anthu mazanamazana, aliyense maso kumbali, wina kuthyola kamtengo, wina kukonza mpango wa mwana, moti pamene panakhala amayi panatsala bwalo lopanda diso ngakhale limodzi. Kukanakhala bwino akanangowaloza chala. Ine ndinawayang'ana kamodzi. Anakhala mowongoka, manja onse pandodo, akuyang'ana mbale ya mpunga ija. Sindinachitepo manyazi otere chibadwire. Ndinachita manyazi ndi mwamuna wanga, ndinachita manyazi ndi ine mwini, ndipo choipitsitsa n'chakuti kwa kanthawi ndinachita manyazi ndi amayi anga.

Msonkhano utatha anthu analonjeza kukumba zimbudzi, anzake a kuchipatala aja n'kumugwira chanza mwamuna wanga kuti wagwira ntchito. Amayi anadikira kuti anthu achepe, anaimirira, n'kuyenda kubwerera kunyumba, mzere wawo ukuwatsatira.

Madzulo ndinawapititsira chakudya, anati akhuta. Mawa lake analawa phala masupuni owerengeka n'kukankha mbale. Madzi ankangonyowetsa milomo. Poyamba ndinkayesa ndi mkwiyo, kuti uphwa. Ndinazindikira mochedwa, nditaona kuti m'mawa pabwalo palibenso choti ndisese. Kubango sakanapitanso, chimbudzi cha mkamwini sakanalowa, ndiye anaganiza zongotseka pakamwa kuti pasakhale chowatulutsa panja. Anali okonzeka kuuma pamphasa paja kusiyana n'kusiyanso phazi lawo pamchenga.

Masiku akupita, milomo inang'ambika, maso analowa. Akati adzuke ankachita chizungulire. Mwamuna wanga anada nkhawa zenizeni. Ananjuta panja pa khomo ndi kapu ya madzi a mchere ndi shuga, akulankhula kwa ine monga mwa mwambo.

“Uwauze amayi kuti thupi lawo latha madzi. Amwe pang'onopang'ono, apo ayi ndipeze njinga yamoto tipite kuchipatala.”

Mawu a amayi anatuluka m'nyumba, ofooka koma aulemu wonse. “Uwauze abambo kuti zikomo. Ndi ukalamba chabe, asataye mafuta.”

Iye anandiyang'ana, osamvetsa. “Kodi atsegula m'mimba? Asanza? Ukundibisira chiyani?” Ine ndinangoti sindikudziwa.

Amene anandidzudzula anali mnzawo wa amayi, mayi wachiyawo amene ankayanika naye usipa kuyambira utsikana wawo. Anabwera ndi phala la mpunga, anakhala nawo m'nyumba nthawi yaitali, n'kutuluka nalo lonse. Anandikokera kuseri kwa khitchini. Sanandipatse n'moni womwe.

“Iwe mwana, ukudikira chiyani? Ukudikira tiwasambitse?”

“Ndinene bwanji, amayi? Si zonena izi.”

“Si zonena! Mwamuna wako ananena zosanena pamaso pa mudzi wonse, iwe ukulephera kunena pamaso pa munthu mmodzi amene umagona naye mphasa imodzi? Mlendo uja sadziwa kanthu. Akwegwe ake, apongozi akewo, akufa ndi njala chakudya chili m'nyumba, iye akuyesa malungo. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Pita!”

Ndinamupeza pansi pa mango, sikelo itangotha, akupinda kabudula woyezera ana. Amayi a ana anali atabalalika. Ndinaima patsogolo pake, mawu n'kukanikanso. Ndiye ndinatola kamtengo, ndinasalaza mchenga ndi dzanja, n'kujambula. Ndinadinda phazi langa limodzi. Pambali pake ndinaboola kabowo. Kenako ndinakoka mzere wautali. Ndinabwereza kachiwiri, kachitatu, ngati munthu akuyenda.

“N'chiyani chimenechi?” anafunsa.

“Munaziona kuti izi?”

Anayang'ana nthawi yaitali. Ndinaona nkhope yake ikusintha pang'onopang'ono, kuyambira pakamwa. Anakhala pansi, pamchenga pomwepo, ndi yunifolomu yake yabuluu.

“Koma chimbudzi chili pakhomo,” anatero. “Ndinamangira iwowo.”

“Mumalowamo inu.”

“Ndiye?”

“Ndiye basi. Mumalowamo inu.”

Anagwira mutu ndi manja onse awiri. Kenako anakwiya, ndipo ndinamulola. “Chaka chathunthu! Chaka chathunthu ukundionerera ndikuonetsa alendo, ukumwetulira! Unandisiya ndinyamule pafosholo, ndikaike pamapazi pawo? Mudzi wonse unkadziwa, ine ndekha chitsiru?” Ndinkangolira, mwana kumbuyo naye n'kuyamba.

Anadzuka kuti akupita kukagwada, akapepese. Apo ndiye ndinamugwira malaya, zimene ndinalephera tsiku lija. Ndinamuuza kuti akangopepesa wawatsiriza. Pakali pano amayi akanatha kudzinamiza kuti mkamwini wawo sakudziwa. Kupepesa kukanakhala kuwauza kuti akudziwa, kuti anaona, kuti ananyamula ndi manja ake. Anandiyang'ana ngati ndamumenya. Munthu amene wakulakwira umamukhululukira akapepesa, koma iye anayenera kukhala ndi mlandu wake osautula, moyo wake wonse, ndipo anazindikira zimenezi pomwepo.

Anayamba kukumba tsiku lomwelo, kuseri kwa nyumba ya amayi. Simenti panalibe. Asodzi awiri achikulire anabwera osaitanidwa, osafunsa kuti n'cha yani, n'kumuonetsa kuluka nsungwi mozungulira ngati nkhokwe ya chimanga, kuitsitsira m'dzenje kuti mchenga usagumukire. Pamwamba anayala mitengo n'kumata dothi, makoma anamanga a bango. Ine ndinalowa kwa amayi n'kunena bodza limene tonse awiri tinkadziwa kuti ndi bodza.

“Abambo akuti lamulo latsopano likuti amuna chawo, akazi chawo. Chino n'cha akazi okhaokha, iwo sadzapondako.”

Amayi anayang'ana kudenga. Kenako anafunsa, “Khomo lake lapenya kuti?”

Linali litapenya pabwalo, moyang'anana ndi khonde lathu, monga ankalangizira anthu onse kuti woyendera aziona msanga ngati pali chivindikiro. Ndinatuluka n'kukamuuza. Sanatsutse. Anazula bango lonse la kutsogolo, anatembenuzira khomo kuminda, n'kuwonjezera mpanda wautali woti munthu akachoka pakhomo pa amayi asaoneke kuchokera kwathu. Mpondagiya anauzika m'kati mwa mpandawo.

Madzulo amenewo amayi anamwa madzi, kapu yathunthu. Mawa lake anapempha phala, n'kudandaula kuti ndachepetsa mchere. Ndinatuluka panja kukalirira kukhitchini kuti asandione.

Mphamvu zinabwerera pang'onopang'ono. M'mudzi zimbudzi zinamera paliponse, ndipo makomo ambiri okhala ndi akamwini anakumba ziwiriziwiri, popanda wofotokoza chifukwa. Mwamuna wanga akamayendera ankangofunsa kuti, “Pakhomo pano chimodzi chikukwanirani?” n'kuyang'ana kumbali. Fosholo ija sanainyamulenso m'mudzi wina uliwonse, ngakhale akuluakulu ake ankamufunsa. Dzinja lotsatira sitinaike maliro a kolera. Pambuyo pake kunabwera magalimoto, anazika chikwangwani pamsewu cholengeza kuti mudzi wathu wasiya kunyera patchire, kunali magule ndi mpunga wa nyama. Sindikana kuti njira yake inagwira ntchito. Koma ndikadutsa pachikwangwanicho ndimafulumiza.

M'mawa wina amayi atayambanso kuyenda, ndinatuluka ndi tsache monga mwa chizolowezi, n'kupeza pabwalo posesedwa kale. Kunali kusesa kwa mwamuna, kokhotakhota, kosiya zinyalala m'makona, koma kuyambira pakhomo pa amayi mpaka pampanda panalibe phazi, kabowo kapena mzere. Anali atadzuka ine ndisanadzuke. Mawa lake chimodzimodzi, ndi mkuja womwe. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati kupepesa kwake ndi kumeneku, ndipo amayi akuona.

Analidi akuona. Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi pakhonde, anayang'ana bwalo losalala lija kwa nthawi, n'kulankhula osatembenuka.

“Uwauze abambo asamavutike ndi tsache. Ndi iwe wemwe. Mwendo uwu ndayenda nawo moyo wanga wonse, ndakubereka nawo, ndakulera nawo. Sindinauchitirepo manyazi mpaka inu munayamba kuufufuta.”

Chipeso chinaima m'manja mwanga. Uthenga umenewo ndinaupereka tsiku lomwelo, mawu ake onse, ndili chiweramire. Kuyambira pamenepo mzere wa amayi unkatsala pabwalo mpaka mphepo iufafanize yokha, ndipo patapita miyezi mbale yovindikira ya chambo inayambanso kubwera kwathu. Kutchalitchi ankapita, kugombe ankatsikira. Koma pansi pa mango paja, kaya kukhale sikelo, kaya msonkhano, kaya kugawa ufa wa chithandizo, sanakakhaleponso mpaka tsiku limene tinawanyamula kudutsa pomwepo kupita kumanda.